Lamulo la Zaka Ziwiri la a Gostelow

A Wilfred Gostelow anabadwira m'nyumba yomaliza ya mudzi wathu wa Tollerby, ija yoyandikana ndi mlatho wa pangalande, ndipo ankanyadira zimenezi ngati anachita kusankha okha pobadwira. Ukawoloka mlathowo ndiye kuti walowa m'parishi ya Holmsey. Kwa a Gostelow kumeneko kunali kunja, kwa anthu osadziwa kumeta mpanda, anthu oyamba kuthira mkaka m'kapu tiyi asanalowe. Mpaka kukalamba kwawo anagona kunja kwa Tollerby masiku awiri okha, nthawi imene anapita kunyanja yamchere ndi mkazi wawo Enid atangokwatirana. Anayenera kukhalako sabata yathunthu, koma Lachitatu anali atabwerako kale, ati madzi akumeneko amaononga tiyi.

Ine ndine Hazel Dring, mlembi wa khonsolo ya parishi yathu kwa zaka 41 tsopano. Sindikunena parishi ya abusa ayi. Ndikunena iyi ya boma, yoyang'anira dziwe la abakha, mabenchi atatu, bolodi ya zidziwitso ndi manda. Ufumu wake wonse ndi womwewo, ndipo anthu ake tilipo 140, kuwerengera ndi amene amangobwera Loweruka kudzapuma mpweya. Zaka 38 ndinakhala kumanzere kwa a Gostelow ndikulemba mawu awo m'buku la maminitsi, choncho wofuna kunditsutsa pa zimene ndinene pano abwere ndi buku lake.

Ntchito yawo inali ukapitawo pafamu ya mbatatesi, koma imeneyo inali yongodyera. Mtima wawo unali kukhonsolo. Analowamo ali ndi zaka 31, osati chifukwa anthu anawasankha, koma chifukwa panalibe wina wofuna. Kuno mipando ilipo isanu ndi iwiri, ndipo chiyambire sitinapezepo anthu asanu ndi atatu oilimbirana, ndiye chisankho sichinachitikepo n'kamodzi komwe. Koma ukawamva akuti "anthu a Tollerby anandituma," unkachita kucheuka kuti ulione khamulo. Msonkhano unkakhala Lachiwiri loyamba la mwezi, mu holo yathu yonunkha chinyontho, iwo monga wapampando atamanga tayi, kanyundo kamtengo kali m'manja, akudzitukumula ngati finye pamaso pa anthu asanu ndi galu wa a Stanley Maltby.

Ntchito zawo zazikulu ndizitchule, anthu angati ndine wakaduka. Anamenya nkhondo zaka zisanu ndi zinayi kuti timange kanyumba kodikiriramo basi. Kanatha bwinobwino, ka njerwa zofiira, dzina lawo lili pakhoma, ndipo chaka chomwecho basi inasiya kudutsa m'mudzi muno. Nkhani yoti benchi ya padziwe iyang'ane kummawa kapena kumadzulo inatidyera misonkhano khumi ndi umodzi. Mwezi wa Meyi uliwonse, pa mwambo woyendera malire a parishi, ankatitsogolera m'matope titanyamula ndodo za msondodzi, ndipo tikafika pamwala wamalire wa pamlatho ankaukwapula ngati unawabera nkhuku. Enafe tinkangougunda pang'ono, mwambo uthe, maganizo ali pa masikono otidikira kuholo.

Munthu ngakhale akhale m'mudzi muno zaka makumi awiri, kwa iwo anali akadali wobwera. Mayi Judith Farrant anaphunzitsa theka la mudzi kuimba piyano, koma a Gostelow ankawatchulabe kuti obwera aja a m'nyumba ya Tuplin, chikhalirecho Tuplin mwiniwakeyo anafa ine ndili kusukulu. Analinso ndi mawu awiri amene ankawakonda kuposa nyimbo ya fuko. Oyamba akuti zosalembedwa pa ajenda sitikamba. Achiwiri akuti mlembi savota. Ajendayo ndimalemba ndine, n'kuikhoma pabolodi kutatsala masiku atatu kuti tikumane, koma pamsonkhanopo pakamwa panga panali pa zokongoletsa chabe.

Zonsezi zikanangokhala zoseketsa pakanapanda manda. Manda a kutchalitchi atadzaza, khonsolo inagula kachigawo ka munda kuseri kwa holo, malo okwana anthu makumi asanu ndi limodzi. Nthaka ya kuno ndi yamadzi. Ukakumba mozama dzenje limasanduka chitsime, ndiye zoika mwamuna ndi mkazi m'manda amodzi mosanjikiza n'zosatheka, aliyense amafunika malo akeake. A Gostelow ankawawerenga malowo ngati mazira. Analetsa zosungitsa malo munthu akadali moyo, ati manda si mpando wa m'basi. Kenako anabweretsa lamulo nambala naini, lakuti munthu amene watha zaka ziwiri osagona m'parishi ya Tollerby saikidwa m'manda a Tollerby, ngakhale anabadwira pansi pa tebulo la khonsolo. Ankati anthu amathawira kutauni kukadya zonona, akafa n'kumafuna dothi lathu.

Mlongo wanga Clifford, wonditsata pobadwa, sanathawire kutauni. Famu itagula makina okumbira mbatatesi, anthu asanu ndi mmodzi anauzidwa kuti ntchito yatha, ndipo amene anawerenga mayinawo pabwalo anali kapitawo Gostelow. Clifford anakapeza ntchito kufakitale ya shuga, n'kumachita lendi kachipinda komweko. Patatha zaka zitatu, mmawa wina wachisanu, njinga yake yamoto inaterereka pamsewu wa madzi oundana. Anali ndi zaka 34. Bambo athu anali atagona kale m'manda atsopanowo, mzere wachiwiri, ndipo mayi sanapemphe zambiri, anangoti mwanayo akagone pafupi ndi bambo ake.

Nkhaniyi ndinapita nayo kumsonkhano ndekha, ine mlembi. A Gostelow anatsegula buku n'kuwerenga nambala naini modekha ngati akulengeza za nyengo ya mawa. Ndinawauza kuti Clifford ankagona kwathu Khirisimasi iliyonse, masiku atatu, m'chipinda chake chomwe anakuliramo, ndiye zaka ziwirizo sizinakwanepo.

"Ameneyo ankabwera ngati mlendo, Hazel," anatero. "Mlendo ndi mame. Dothi la parishi sitingapereke kwa mame."

Ndinawayang'ana makhansala enawo mmodzimmodzi, anthu amene anasewera naye mpira Clifford, ndipo aliyense anali atapeza chinthu chochititsa chidwi pa tebulo. Nditati ndiyankhulenso kanyundo kanagogoda. Mlembi savota, anatero, ndipo lamulo silisinthidwa chifukwa cha munthu mmodzi. Mwezi wotsatira, poopa kuti wina angadzabwerenso ndi nzeru ngati zanga, anandiuza ndiike pa ajenda zowonjezera mzere pansi pa nambala naini, wakuti kugona m'nyumba ya wina ngati mlendo sikuwerengedwa. Ajendayo ndinakaikhoma ndekha pabolodi. Mzerewo ndinaulemba ndi dzanja langali, inki yabuluu, tsamba 112.

Clifford tinakamuika kumanda aakulu a kutauni, pakati pa anthu osawadziwa. Mayi mpaka kufa kwawo ankachita kupempha matola kuti akaone mwana wawo. Enid anabwera kwathu sabata yomweyo ndi chitumbuwa cha maapozi, n'kuima pakhomo maso ali pansi, akundipepesa, ati ndikuwadziwa amuna ake mmene alili. Chitumbuwacho ndinalandira chifukwa Enid analibe mlandu. Anthu ankandifunsa kuti bwanji sindinasiye ulembi, ndimakhala bwanji pambali pa munthu ameneyo mwezi ndi mwezi n'kumawalembera ngakhale chifuwa chawo. Ndinkawayankha kuti palibe wina wofuna ntchitoyo, ndipo zinali zoona. Koma mumtima ndinkati mlandu suola, ndikhala pompano ndidzaone.

Enid anamwalira a Gostelow ali ndi zaka 79. Anaikidwa mzere wachinayi, chakumpanda. Madalawo anagula chiliza chachikulu ngati chitseko chogoneka, chotambalala mpaka pamalo oyandikana nawo, ndipo theka lake analembetsapo dzina lawo, chaka chobadwa ndi kamzere, n'kusiya mpata wa chaka chinacho. Kusungitsa malo n'koletsedwa, inde, koma za kukula kwa chiliza lamulo lake palibe, ndipo anali atafufuza kale. Chimodzi ndiwavomereze, ngakhale chikundiwawa. Mmawa uliwonse, mvula kaya dzuwa, ankapita kumeneko ndi fulasiki ya tiyi, n'kukhala pa ndowa yovundikira, n'kumamuuza Enid nkhani za m'mudzi, za amene sanamete mpanda ndi amene waimika galimoto pa udzu. Ankamukonda mkazi uja. Padziko lonse lapansi chinthu chimene ankafuna kuposa kanyundo kaja chinali kachidutswa ka udzu kaja ka pambali pake.

Ali ndi zaka 86 anakwera makwerero kukadula nthambi ya mtengo wa a Maltby, imene ati inkalowerera njira ya anthu. Eni ake sanawatume, ndipo munthu yekhayo wodutsa njira imeneyo anali iwo omwe. Anagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Pamela, amakhala kutali, ndiye anagulitsa nyumba ija n'kuwapezera chipinda kunyumba yosungira okalamba. Nyumbayo ili ku Holmsey, mapazi mazana anayi ukawoloka mlatho. Koma abale, ndinaseka ndekha m'khitchini mpaka misozi. Pawindo la chipinda chawo ankaiona bwinobwino nsanja ya tchalitchi chathu, koma kugona ankagona kunja. Anasamuka pa 14 Meyi. Tsikulo ndinalilemba pakalendala ya m'khitchini, ndipo chaka chikatha ndinkalikopera pa yatsopano. Sindikubisa.

Mpando wawo anatenga mayi Farrant, obwera aja a m'nyumba ya Tuplin. Kanyundo anakaika m'kabati ya makapu, ndipo misonkhano inayamba kutha pa ola limodzi.

Pa 13 Meyi, kutatsala tsiku limodzi kuti zaka ziwiri zikwane, ndinali pawindo la chipinda chapamwamba cha m'ma 2 koloko masana. Ndinaona munthu akuwoloka mlatho pang'onopang'ono, akukankha chitsulo chija cha miyendo inayi choyendera okalamba. Jekete, tayi, tsitsi lopesa, kuphazi masilipasi a m'nyumba. Pa chitsulopo panalendewera kajumbo, ndipo pambuyo pake ndinaona kuti munali zovala zogonera ndi mswachi. Atafika pamwala wamalire anaima n'kuugunda ndi phazi, kenako analowa m'mudzi.

Anayambira kunyumba yawo yakale, imene tsopano ili ndi chitseko chachikasu ndi eni ake achinyamata ochokera mumzinda. Achinyamatawo anawapatsa tiyi pakhonde, n'kuwapepesa kuti chipinda cha alendo anachisandutsa ofesi. A Maltby anati chawo chadzaza makatoni, komanso msana ukuwavuta, sangawasunthe. Kwa mayi Farrant galimoto inali pakhomo ndipo katani inagwedezeka, koma chitseko sichinatseguke. Ndimo mmene tilili anthu a kuno, sitimukana munthu, timangomupepesa mpaka achoke yekha. Nyumba zisanu ndi imodzi anagogoda, ndipo kupatula yawo yakale ija, m'nyumba iliyonse munali munthu amene anamugwetsera kanyumba kosungiramo zipangizo, kumuletsa nkhuku, kapena kumulembera kalata ya mpanda. Atatopa anakakhala m'kanyumba kodikiriramo basi, pansi pa dzina lawo lomwe, ola lathunthu, manja ali pa chitsulo. Ine ndili pawindo pomwepo, tiyi wanga anachita kuzizira.

Nyumba yanga ili moyang'anizana ndi kanyumbako. Anaiyang'ana nthawi yaitali asananyamuke. Cha m'ma hafu pasiti folo anagogoda.

"Mlembi," anatero akupumira m'mwamba, "ndabwera pa nkhani ya parishi."

"Ili pa ajenda?"

Sanaseke, nanenso sindinaseke. Anaweramitsa mutu n'kumayang'ana masilipasi awo, amene anali atanyowa ndi matope a pamlatho.

"Ndikupempha pogona usiku umodzi, Hazel. Mawa zikwana zaka ziwiri."

"Ndikudziwa. Zili pakalendala yanga."

Ndinawalowetsa. Musandiyese woyera mtima, chonde. Potsegula chitseko chija tsamba 112 linali m'mutu mwanga mzere ndi mzere, ndipo ndinkadziwa kuti agone kwanga usiku umodzi kaya khumi, ndi mame basi. Ndinkafuna kuwaona akupempha, ndinkafuna kuwaona akudya chakudya changa, ndinkafuna agone pabedi lija. Ndinaimba foni ku Holmsey kuwauza kuti nkhalamba yawo isawasowetse mtendere, ili kwanga, adzaitenge mawa. Kenako ndinakazinga soseji, n'kuphwanya mbatatesi, n'kuwiritsa nsawawa. Amati fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anayankhula. Ali mkati mokudya anasuzumira pawindo n'kundiuza kuti mpanda wanga wapitirira muyezo ndi chikhatho chimodzi, ndipo khonsolo ya masiku ano yagona.

Masitepe khumi ndi atatu anatitengera kotala ya ola, ine ndikuwakankha kumbuyo, iwo akukoka chogwirira. Dzuwa linali lisanalowe. Chipinda cha Clifford chili mmene anachisiyira Khirisimasi yake yomaliza, bedi lomwelo, nsapato zake zampira pansi pa mpando, pakhoma chithunzi chake atakwera njinga ija. A Gostelow anaima pakati pa chipindacho n'kuchiyang'ana chithunzicho. Ndinadikira, dzanja lili pa chitseko. Anati mnyamata ameneyu ankayendetsa bwino thirakitala, sankapotoza mizere. Basi, anathera pomwepo. Ndinawapatsa thaulo n'kutsika.

Mmawa ndinawapeza atameta ndevu, tayi ili pakhosi, atakhala m'mphepete mwa bedi ngati akudikira sitima. Bulangeti anali atalipinda bwino. Titatsika ndinawapatsa dzira lowiritsa ndi buledi wootcha. Atatha anapukuta pakamwa n'kunena, ndi mawu aja a pamsonkhano, kuti mlembi alembe m'buku kuti Wilfred Gostelow anagona m'parishi ya Tollerby usiku wa pa 13 Meyi.

Ndinapita kukabati. Sindinatenge buku latsopano, ndinatenga lakale lija la chikuto chobiriwira. Ndinatsegula tsamba 112, n'kuliika pambali pa mbale yawo, chala changa chili pa mzerewo. Zaka 35 ndinkayeserera kachitidwe kameneka m'mutu, mmene ndidzaimire, mmene ndidzawayang'anire. Iwo sanatulutse n'komwe magalasi.

"Ndikuudziwa mzerewo," anatero. "Ndimangoti mwina iwe unaiwala."

"Ndinaulemba ndine, a Gostelow. Mlongo wanga asanathe mwezi m'dothi la eni."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kulikokera bukulo pafupi, n'kuyendetsa chala pansi pa mawuwo.

"Unalemba bwino," anatero. "Palibe polowera."

Ndinkadikira liwu limodzi lokha, lakuti pepa. Ndikulumbira, akanalinena ndikanatseka bukulo n'kulemba zimene ankafuna, ine mlembi wosanamapo m'maminitsi. Sanalinene. Ndinawauza, sindikudziwanso chifukwa chake, kuti angathe kulembera khonsolo kupempha kuti lamulolo liunikidwenso. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati lamulo silisinthidwa chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo ine monga mlembi ndikuyenera kudziwa zimenezo. Munthu wouma mutu chonchi sindinamuonepo, ndipo ndinakwiya kuposa kale, chifukwa anandilanda ngakhale kukoma kwa tsiku langa.

Anapempha chinthu chimodzi, kuti galimoto ya ku Holmsey isanabwere ndiwaperekeze kumanda. Tinayenda pang'onopang'ono kuzungulira holo. Ndinawasiya pa mzere wachinayi, ine n'kukaima kwa bambo ndi mayi, koma mandawo ndi aang'ono, mawu amamveka. Ndinkayembekezera nkhani za mipanda ndi magalimoto. Anaima akuyang'ana udzu wa pansi pa dzina lawo.

"Enid," anatero, "sizinatheke."

Galimoto inabwera cha m'ma leveni. Ndinabwerera kunyumba, n'kuchotsa zofunda pabedi la Clifford, n'kuzichapa. Kalendala ija ndinaitaya m'bini ngakhale chaka chinali chisanafike pakati. Ndinkaganiza kuti ndidzavina tsiku limeneli, koma ndinangokhala pampando mtima uli wolemera, ndikudana nawo madalawo ndiponso ndikudzida ndekha.

Anamwalira mu Seputembala, ali ndi zaka 88. Pamela anabwera ndi moto, n'kukakamiza kuti khonsolo ikumane mwapadera. Tinakumana Lachisanu masana. Anati bambo ake anatumikira mudzi uno zaka zoposa makumi asanu, dzina lawo lili kale pamwala, kodi tikufuna chiyaninso. A Maltby, amene nawo ndi khansala masiku ano, anakumbutsa msonkhano mwaulemu kuti mwala si kusungitsa malo, ndipo kusungitsa malo analetsa ndi malemuwo. Mayi Farrant anawerenga nambala naini ndi mzere wake wapansi. Aliyense m'chipindamo ankafuna kuti nkhalambayo igone pambali pa mkazi wake, ngakhale a Maltby, ndikudziwa. Koma aliyense ankadziwanso za Clifford, ndipo palibe ankafuna kuyamba ine ndili pompo ndi cholembera. Onse anapezanso chinthu chochititsa chidwi pa tebulo, tebulo lomwe lija.

Mayi Farrant anatembenukira kwa ine. "Hazel, iwe ukuti bwanji?"

Ndikanangogwedeza mutu basi, manja onse akanakwera.

"Mlembi savota," ndinatero.

Pamela anatiuza kuti ndife anthu a mitima ya mbatatesi, n'kumenyetsa chitseko. Panalibe wopereka ganizo, ndiye panalibe chovotera. M'maminitsi ndinalemba kuti nkhani ya manda inakambidwa, ndipo msonkhano unatsekedwa 3 koloko itangodutsa.

Anakawaika kumanda aakulu a kutauni, mizere inayi kuchokera pa Clifford. Kumanzere kwawo kuli munthu wa ku Holmsey, kumanja kuli mayi wina amene dzina lake ngakhale abusa analephera kulitchula. Obwera okhaokha, ndipo iwo ndi wobwera watsopano. Ndikapita ndi maluwa a mlongo wanga njira imadutsa pamapazi pawo, ndipo sindiima, ngakhale ndinaona kuti udzu wake sakuumeta mwa muyezo. Kuno ku Tollerby chiliza chija chikadali pomwepo, dzina, chaka chobadwa, kamzere, ndi mpata. Womera ndevu wina wodzaona malo anandifunsa tsiku lina ngati bambo Gostelow akadali moyo. Ndinamuuza kuti anasamuka.

Tsopano ndili ndi zaka 74. Ndilibe mwamuna, ndilibe mwana, ndipo mawondo anga atha. Dokotala wanena kuti ine ndi masitepe khumi ndi atatu aja tisiyane chisanu chisanabwere. Malo apezeka amodzi okha m'dera lonse lino, ndipo mukudziwa kale kuti ndi kuti. Anditumizira kalata ndi chithunzi cha chipindacho, akuti ndidzakondwera nacho chifukwa pawindo pamaoneka nsanja ya tchalitchi cha kwathu. Kumeneko amasamala anthu bwino, amadya katatu, ena amakhalako zaka zisanu, ena zisanu ndi ziwiri. Ine sindinagonepo kunja kwa parishi ino kuposa sabata. Bambo ndi mayi ali mzere wachiwiri, ndipo ndikufuna kukagona kumeneko, ndikufunitsitsa, osati kumanda a kutauni.

Mayi Farrant anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi Lamulungu lapitali. Anati ndingoiika nambala naini pa ajenda, mzere umodzi wokha, iwo aichotsa popanda woyankhula, ithe. Ndi munthu wabwino mayi ameneyu, koma ndi wobwera, sakumvetsa. Ajenda imakhala pabolodi masiku atatu. Mudzi wonse udzaima pamenepo ndi agalu awo, kuwerenga, n'kudziwa kuti Hazel Dring, amene anakana kugwedeza mutu chaka chatha, lero lamuwawa ndi iyeyo. Pamela adzamva. Ndipo ndikadzapita ndi maluwa ndidzamuuza chiyani Clifford, kuti lamulo limene silinasinthidwe chifukwa cha iye lasinthidwa chifukwa cha ine?

Ajenda ya mwezi uno ndailemba kale, ndakaikhoma mmawa uno ndikutsimphina. Pali bini ya zonyansa za agalu, pali abakha amene ayamba kulowa m'minda ya anthu, pali dzenje la mumsewu pafupi ndi mlatho. Mayi Farrant anandipeza pabolodi pomwepo, anawerenga mpaka pansi, n'kundifunsa ngati sindinaiwale kanthu. Ndinawauza kuti ine sindiiwala.